Chitini cha makobidi a bambo: momwe ntchito yopungula katundu ikuyendera

Sabata yoyamba, Loweruka

Tayamba kupungula katundu m'nyumba ya makolo ku Area 25. Amayi adabwerera kumudzi ku Nathenje titangomanga chiliza cha bambo, ndipo pachibale tidagwirizana kuti nyumbayi tiichititse lendi. Olowa akufuna makiyi kumapeto kwa mwezi wamawa. Achimwene ali ku Johannesburg, achemwali ali ku Mzuzu, choncho ntchito yagwera ine ndi mwana wanga wamkazi.

Lero tachita chipinda chochezera ndi kukhitchini. Mipando ya sofa, kabati ya magalasi ndi mbaula yamagetsi zapeza kale ogula pakati pa aneba. Mapoto ndi mbale zipita kwa amayi. Zovala za bambo taika m'matumba atatu, ndikapereka kutchalitchi. Zonsezi zayenda mosavuta.

Chatiimitsa ndi chitini cha mabisiketi chomwe tachipeza pamwamba pa wadulopu, kuseri kwa sutukesi. Cholemera ngati muli misomali. Nditatsegula, fungo lachitsulo chakale landibwezera ku ubwana: ndi makobidi a bambo, aja ankatiletsa kuseweretsa. Ndimaganiza kuti adatayika kalekale. Mwana wanga wafunsa kuti, "Amama, izi tingagulire chiyani?" Ndamuuza kuti kusitolo sangalandire ngakhale imodzi. Ndachibweza pambali, ndipo masana onse maso anga amangobwerera pomwepo.

Sabata yoyamba, Lamulungu

Titachoka kutchalitchi tayala chitenje patebulo n'kukhuthula zonse. Tawerenga kawiri: ndalama zachitsulo 412. Tazigawa potsata dziko ndi chaka.

Mulu waukulu ndi wa matambala. Kwacha ndi tambala zidayamba mu 1971, pomwe dziko lidasiya paundi, sheleni ndi peni, ndipo paundi imodzi idasanduka K2. Za chaka chimenecho zilipo zambiri, zonse zili ndi nkhope ya Kamuzu: 1 tambala ya tambala weniweni, 2 tambala ya kambalame ka mchira wautali, 5 tambala ya mbalame ya m'madzi ya khosi lalitali, 10 tambala ya zisononkho za chimanga, ndi 20 tambala ya njovu ndi mwana wake. Palinso za nthawi ya a Bakili Muluzi, monga 1 tambala ya nsomba ziwiri, 50 tambala ya mbidzi ndi K1 ya nkhwazi. Ma K5 ndi ma K10 olemera aja a mitundu iwiri, oyera ndi achikasu, aliponso ochepa.

Mulu wachiwiri ndi wa 1964, chaka cha ufulu, ndalama zathu zoyamba monga Malawi, tikadali kuwerenga m'masheleni. Apa ndaona chinthu chomwe sindidachiganizirepo moyo wanga wonse. Sheleni ya 1964 ili ndi chimanga chomwecho cha pa 10 tambala, ndipo ya masheleni awiri ili ndi njovu zomwezo za pa 20 tambala. Ndaziphatikiza, n'zofanana kukula kwake. Ndiye kuti posintha ndalama adafuna kuti munthu wa kumsika asasokonezeke: chimanga n'chimanga, njovu n'njovu, dzina lokha ndi lomwe lasintha. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake agogo, kufikira imfa yawo, 10 tambala ankaitchula sheleni.

Mulu wachitatu ndi wa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, cha 1953 mpaka 1963, wa nthawi ya Mfumukazi Elizabeth. Muli tiki (ya mapeni atatu) ya duwa, sikisipensi, sheleni ya mphalapala, ya masheleni awiri ya nkhwazi itagwira nsomba, ndi mapeni oboola pakati, a njovu ziwiri zitaimirira. Mahafupeni oboolanso, a akadyamsonga, alipo atatu okha.

Zotsala ndi za kunja: Southern Rhodesia, South Africa, Britain, mangwee a ku Zambia a nkhope ya Kaunda, ndi ma escudo ochepa a ku Mozambique a nthawi ya Apwitikizi.

Ndatumiza zithunzi pa WhatsApp ya pabanja. Achimwene ayankha nthawi yomweyo: "Achemwali, musagulitse msanga. Zoboolazo anthu akuti ndi mamiliyoni."

Sabata yachiwiri, Lachitatu

Chipinda cha bambo ndi amayi chatha, kupatula mapepala. Bedi yapita. Makina osokera a amayi, a Singer, sakugulitsidwa. Amayi anenetsa pafoni. Kalipentala wabwera kudzaona zitseko ziwiri zodyedwa ndi chiswe.

Madzulo ano ndimafuna kutsuka ndalama zija ndi phulusa ndi mandimu kuti ziwale ndisanazijambule bwino. Mulungu adalitse aphunzitsi opuma pantchito a nyumba yachitatu kuchokera pathu, omwe adabwera kudzatenga shelefu ya mabuku n'kundipeza ndili ndi beseni m'manja. Adati, "Mayi, musayerekeze. Osonkhanitsa ndalama zakale amafuna dzimbiri lake lomwelo. Mukakwecha, mwapha mtengo." Adafotokoza kuti kukwecha kumasiya timikwingwirima tomwe wodziwa amationa msanga, ndipo khungu lakuda lomwe chitsulo chavala m'zaka zambiri silibwereranso. Chololedwa n'kupukuta fumbi ndi kansalu kofewa basi, ndi kugwira ndalamayo m'mphepete. Mapeni asanu ndidali nditawakwecha kale. Akuwala ngati atsopano, koma ndikawaika pafupi ndi anzake akuoneka amaliseche. Zandipweteka mtima.

Aphunzitsiwo adandisonyezanso Numista pa intaneti, momwe mungalembe dziko ndi chaka n'kuona chitsulo chomwe ndalama idapangidwira ndi kulemera kwake. Ndathera bandulo yonse pamenepo.

Sabata yachiwiri, Loweruka

Lero linali tsiku lofufuza siliva, ndipo ndikufuna kulemba mwatsatanetsatane chifukwa ndikudziwa kuti zitini zoterezi zili m'nyumba zambiri muno mu Lilongwe.

Chachikulu n'chaka chomwe chalembedwa pa ndalamayo. Ndalama zoyera za ku Britain zisanafike 1920 zidali pafupifupi siliva yekhayekha, magawo 925 pa 1,000. Kuyambira 1920 mpaka 1946 siliva adatsika kufika theka. Kuyambira 1947 mulibemo ngakhale pang'ono, ndi kopa wosakaniza ndi nikelo. Za Southern Rhodesia zidayenda njira yofananayo: zoyamba za m'ma 1930 ndi siliva wabwino, za 1944 mpaka 1946 ndi theka, za 1947 kupita mtsogolo mulibe. Za South Africa zidali magawo 800 pa 1,000 mpaka 1950, kenako theka. Za Chitaganya zomwe anthu ankagulira zinthu mulibe siliva, ndipo zathu za 1964 chimodzimodzi.

Maginito sathandiza kwenikweni. Siliva sagwira maginito, koma kopa wosakaniza ndi nikelo sagwiranso. Zomwe zidakakamira ku maginito a pa chitseko cha fuliji ndi matambala a zaka zapafupi, omwe ndi chitsulo wamba chongokutidwa pamwamba. Khutu limathandizako: ndalama ya siliva mukaiika pa nsonga ya chala n'kuigogoda pang'ono ndi inzake imalira nthawi yaitali, ngii, pomwe inayo imangoti tepu n'kutha. Mwana wanga waikonda ntchito imeneyi kuposa zonse zomwe tachita m'nyumba muno.

Ndidabwereka kasikelo kakang'ono ka magalamu kwa mnzanga wophika makeke. Hafukolauni, ya masheleni awiri ndi theka, imayenera kulemera magalamu 14 ndi pang'ono. Ya masheleni awiri magalamu 11 ndi pang'ono. Tiki sifika ngakhale galamu imodzi ndi theka. Zathu zambiri zikupereweza pang'ono chifukwa chodyeka m'manja mwa anthu.

Pa ndalama 412, za siliva zapezeka 23: mahafukolauni anayi a Southern Rhodesia a nkhope ya Mfumu George VI, za masheleni awiri zitatu za ku Britain, masheleni asanu, ndi matiki khumi ndi limodzi a ku South Africa, tating'ono ngati mamba a chambo. Zonse pamodzi zikukwana m'dzanja limodzi. Mamiliyoni a achimwene sindikuwaona.

Sabata yachitatu, Lolemba

Dzulo ndidapita ku Nathenje kukasiya mapoto ndi makina osokera. Ndidatenga ndalama zingapo m'kathumba kuti amayi aone. Ndimayembekezera kuti angoti gulitsani. Tidakhala pamkeka mpaka dzuwa kupendeka.

Amayi satha kuwerenga zaka zolembedwa timalemba tating'ono, maso adafooka, koma iliyonse amaizindikira ndi chala. Za Southern Rhodesia adati si za bambo, ndi za agogo aamuna, omwe adakagwira ntchito ku Salisbury, kumene anthu akumudzi ankati ku Halale, ndipo adayenda wapansi mbali yaikulu ya ulendowo kudzera ku Tete. Ma escudo aja mwina adachokera m'njira yomweyo. Mangwee ndi a malume, omwe ankapita ku Chipata kudzera ku Mchinji. Za South Africa ndizo za bambo, za ku Joni, kumene adapita pa Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za kumigodi, asanakwatire, n'kupitanso kachiwiri achimwene ali khanda.

Nditabwerera kuno usiku ndidayala za South Africa zokhazokha potsata zaka. Matiki akale mwina adawapeza kwa anzawo akuluakulu kumigodi. Kenako pali masenti a nkhope ya Jan van Riebeeck, pambuyo poti rand yayamba mu 1961. Ya chaka chomaliza ndi ya 1973. Palibe ina yoposa apo. Mu April 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kwawo kuchokera kumigodi, ndipo Kamuzu adaletsa kulemba anthu opita ku Joni. Bambo sadabwererekonso. Adapeza ntchito ya fodya ku Kanengo, likulu litangosamukira ku Lilongwe kuchoka ku Zomba mu 1975. Nkhani ya ndegeyo ndidaimva kwa iwo kamodzi kokha, ndipo sadaimalize. Ndidakhala ndikuyang'ana kandalama ka 1973 kaja nthawi yaitali.

Za mapeni oboola, amayi adaseka. Adati ankawatunga pa chingwe n'kumanga m'chiuno popita kumsika, poti zovala za akazi zidalibe matumba. Mapeniwo atasiya kugwira ntchito, ena ankawakhomera pa misomali ya malata kuti denga lisadonthe, ndipo nyumba yawo yoyamba ya malata idali nawo angapo pamwamba. Adatenga imodzi n'kuimanga pa nsonga ya chitenje. "Iyi ndisiyire, mwana wanga. Zinazo uona wekha."

Sabata yachitatu, Lachinayi

Ndidaika zithunzi pa Facebook Lachiwiri madzulo, ndi nambala ya foni. Pofika lero aimba anthu oposa khumi, ndipo ofunadi kugula ndi awiri kapena atatu.

Ambiri amangofunsa za mapeni oboola. Wina adati ndiike mpunga pafupi ndi peni ndione ngati ukokedwa. Wina adati muli mankhwala apadera m'kati mwake omwe azungu akuwafuna. Wachitatu, wolankhula mwaulemu kwambiri, adati ali ndi bwana wakunja wokonzeka kupereka mamiliyoni asanu pa peni imodzi, koma choyamba nditumize K80,000 pafoni yolipirira makina oyezera. Nditakana adaimbanso kanayi, mtengo wa makinawo ukutsika nthawi iliyonse.

Peni ya Chitaganya ndi kopa, idapangidwa yambirimbiri kuti ikwanire maiko atatu, ndipo sikoka mpunga. Wogula weniweni salipiritsa wogulitsa. Chomwe chikundiwawa n'choti ndikudziwa momwe K80,000 imapezekera movutikira, makamaka chigwereni kwacha mu November 2023 ndi 44 peresenti, ndipo pali agogo ena m'midzimu omwe angagulitse mbuzi kuti atumize ndalamayo. Nambala yanga ndaichotsa pa chilengezocho.

Achimwene sadakondwe nditawauza. Adati mwina ndathamangitsa mwayi. Ndidawayankha kuti, "Achimwene, ngati mukukhulupirira, ndikusungirani mapeni khumi, mudzagulitse nokha mukabwera pa Khirisimasi." Adakhala chete, kenako adati ndiwasungire ya 1973 ija m'malo mwake. Sindidawauze kuti ndimaifunanso ine. Ndi yawo, iwo ndi amene adali khanda bambo ali kumgodi.

Sabata yachinayi, Lachiwiri

Penti yatha m'zipinda ziwiri. Zitseko zasinthidwa. Mabuku akale a sukulu ndi manyuzipepala atengedwa ndi mayi wogulitsa mandasi ndi mtedza. Bilu ya madzi ndalipira, yatsala nkhani yosintha dzina pa mita.

Popita ku Old Town kukagula maloko ku Malangalanga ndidadzera kwa ogulitsa ziboliboli pafupi ndi positi ofesi, poti ena mwa iwo amayala ndalama zakale pambali pa zosemasema kuti alendo agule. Bambo wina adaziyang'ana mwachidwi n'kunena chilungamo: alendo amagula imodzi kapena ziwiri za njovu kapena za Kamuzu ngati chikumbutso, ndipo zimatha miyezi zili padzuwa. Adati atha kutenga chitini chonse pa mtengo umodzi. Mtengowo udali wochepa kuposa wa siliva yekha wa mu 23 zija, ndiye ndidakana, koma sindikuwadandaula. Naye ayenera kupezapo kanthu. Tidagwirizana kuti atenge za 1971 za 10 tambala ndi 20 tambala zokwana 60, ndi mapeni asanu ndidakwecha aja, omwe kwa iye kuwala kwake n'kwabwino. Ndidalandira K25,000. Idathera pa maloko.

Wosula mphete wina adati siliva angagule pa sikelo, osayang'ana chaka kapena nkhope, chifukwa akasungunula. Mtengo wake udali womveka. Koma nditaganiza za hafukolauni yomwe idayenda m'thumba la agogo kuchoka ku Halale kudutsa Zambezi, kuti ithere m'moto, ndidapempha kuti ndiyambe ndaganiza.

Sabata yachinayi, Loweruka

Lero zayenda bwino. Aphunzitsi aja adandilumikiza ndi mnzawo wa ku Area 18, bambo wachikulire yemwe adagwira ntchito ya banki ndipo wakhala akusonkhanitsa ndalama zakale kwa zaka zambiri. Tidakumana ku Gateway Mall masana, poyera, ndili ndi aphunzitsiwo. Sindikadalola munthu wosamudziwa kubwera kunyumba pambuyo pa mafoni aja.

Adabwera ndi galasi lokuzira zinthu ndi buku la timatumba toonekera. Sadafulumire. Iliyonse amaigwira m'mphepete, kuyang'ana tsitsi la Mfumukazi ndi nthenga za nkhwazi kuti aone momwe zadyekera. Adandiphunzitsa kuti ukale wokha sukweza mtengo. Chomwe chimakweza ndi kusowa kwa chaka chimenecho ndi kusadyeka kwa ndalamayo. Sheleni yofufutika ya zaka 80 itha kuchepa mtengo kuposa ya zaka 60 yomwe sidayende m'manja. Adafunsa ngati tili ndi kolauni ya 1966, ya masheleni asanu, yomwe idapangidwa pokumbukira tsiku lomwe Malawi adakhala Republic pa 6 July chaka chimenecho. Tilibe.

Adasankha gulu lathunthu la Chitaganya, kuyambira hafupeni mpaka hafukolauni, gulu lathunthu la 1964, ndi za siliva 19. Pa silivayo adawerengera kulemera, n'kuonjezerapo pa mahafukolauni awiri omwe zilembo zake zikuoneka bwino. Zonse pamodzi K210,000, ndipo adatumiza pa Airtel Money tili pomwepo. Ndidadikira uthenga ulowe pafoni yanga ndi kuona balansi ndisanapereke kathumba. Iye mwini ndi amene adati nditero.

Ndisananyamuke adafunsa kuti, "Mayi, mwiniwake wa ndalamazi adali ndani?" Ndidamufotokozera za agogo ndi za bambo. Adatulutsa kapepala n'kulemba kuti Salisbury, Wenela, Kanengo, n'kukalowetsa m'kathumba ka hafukolauni. Adati amatero ndi iliyonse yomwe wadziwa komwe yachokera. Apa mpomwe mtima wanga udakhala pansi.

Ndalamayo ndaigawa monga tidapanganira: theka kwa amayi la feteleza, theka latsala pa penti ndi kalipentala. Ndatumiza chithunzi cha uthenga wa ndalama pa gulu la pabanja kuti pasadzakhale mawu.

Sabata yachisanu, Lachitatu

Matambala ang'onoang'ono, a 1, 2 ndi 5, palibe akuwafuna. Alipo oposa 150. Ndidaganiza zofunsa ku Reserve Bank ku City Centre, koma nditaphatikiza mtengo wolembedwa pa onsewo sukwana ngakhale K10, pomwe minibasi yokha yopita kumeneko ndi ndalama zambiri kuposa apo.

Mwana wanga ndi amene adapeza njira. Adauza aphunzitsi ake a masamu za chitinichi, ndipo iwo adapempha ngati tingawapatseko. Akuti ana amaphunzira kuti K1 ndi matambala 100, koma palibe ndi mmodzi yemwe m'kalasimo adagwirapo tambala. Ndalama yomwe amaidziwa bwino ndi yapepala, mpaka K5,000 yomwe idatuluka mu 2022. Tawerenga ma 1 tambala ndi ma 2 tambala okwana K1 ndendende n'kuwaika m'botolo loonekera, ena onse m'kathumba padera. Wanyamula yekha m'mawa uno, atalikumbatira ngati dzira. Pobwera wati anzake amakanganirana kuona tambala wa pa khobidi, ndipo mnyamata wina adafunsa ngati nkhukuyo idatchedwa dzina kuchokera ku ndalama kapena ndalama kuchokera ku nkhuku. Aphunzitsi adawafotokozera za tambala wakuda wa chipani cha Kamuzu, ndi za mfuu ya "Kwacha!" ya nthawi yomenyera ufulu.

Sabata yachisanu, Loweruka

M'nyumba mwatsala wadulopu yomwe mwini wake adzatenga Lolemba, makatoni awiri a mapepala a bambo omwe sindidawasanthule, ndi njinga yopanda tcheni. Kunja kukufunika kutchetcha. Olowa abwera Lachisanu kudzaona penti.

M'chitini mwatsala ndalama zina: mangwee, ma escudo, masenti a ku South Africa, ma K5 ndi ma K10 a mitundu iwiri, ndi mapeni oboola 14. Bambo wa ku Area 18 adati ma escudo adzawaonanso mwezi wamawa. Achemwali a ku Mzuzu apempha peni imodzi yoboola ndi sheleni ya chimanga; ndiwatumizira ndi munthu wodalirika, osati pa basi. Ya 1973 ndaikulunga m'pepala n'kulembapo dzina la achimwene.

Za siliva zinayi zomwe ndidasunga, hafukolauni imodzi ya agogo ndi matiki atatu, ndaziika mu envelopu limodzi ndi chiphaso cha bambo cha ku Wenela, chomwe ndachipeza m'mawa uno pamwamba pa katoni yoyamba ya mapepala. Chithunzi chake chafufutika, koma chidindo cha chala chikuoneka. Katoni yachiwiri ndiitsegula mawa tikachoka kutchalitchi.